Sikirini ya Kumanzere

Amuna anga anagwa m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato, akukonzekera kukatenga minibasi imene ankayendetsa. Ndinangomva mpando ukugubuduka, ndipo nditalowa ndinawapeza ali pansi, pakamwa patapotokera mbali imodzi, akuyesa kundiitana koma mawu osatuluka. Tinawanyamula pa ngolo ya aneba mpaka ku msewu wa tala, kenako pa galimoto yamatola mpaka ku chipatala cha ku Mua. Kumeneko anatiuza kuti ndi sitiroko. Ine ndinangoti Mulungu watikomera mtima kuti yawagwira ali m'nyumba, chifukwa ikanawapeza akutsika makona a phiri kuchokera ku Dedza, anthu atadzaza mpaka pakhomo, bwenzi tikunena zina.

Anagona kuchipatala masabata angapo. Mwendo wamanzere unadzuka, dzanja nalo linabwerera pang'onopang'ono, pakamwa panawongoka. Obwera kudzazonda ankati, "Awa ndi amuna, imfa yawalephera." Tsiku lotuluka adokotala anatikhazika pansi tonse awiri n'kunena momveka bwino kuti abambowa asagwire chiwongolero kufikira atakawayeza maso ku chipatala chachikulu. Amuna anga anavomera mwaulemu, chipewa chili m'manja. Titangotuluka pageti anasintha.

"Maso anga ali ndi chiyani? Chikwangwani icho ndikuwerenga. Mbuzi iyo ndikuiona, ndipo ili ndi bere."

Chikwangwanicho anawerengadi bwinobwino, ndipo mbuziyo inalidi ndi bere.

Zolakwikazo ndinkaziona ndine, kunyumba. Ndikawaikira chakudya ankadya mbali ya kumanja kwa mbale yokha, n'kundifunsa ngati ndiwo zatha, usipa uli mbwee kumanzere kwa mbale yomweyo. Phewa lamanzere linkagunda chitseko tsiku ndi tsiku mpaka linatupa. Anaponda anapiye anga osadziwa n'komwe. Sikuti kumanzereko ankaonako mdima ayi. Kunalibe kanthu basi, monga mmene ine sindionera za kumbuyo kwa mutu wanga koma sindidandaula kuti kuli mdima. N'chifukwa chake ndikawauza ankapsa mtima. "Mwasuntha mbale dala inu, mukufuna ndioneke wopusa." Ndikatchula za ku chipatala chachikulu ankadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Kuti mumvetse kuuma khosi kwawoko, muyenera kudziwa kuti amuna anga ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Mtakataka, koma chikwatirane tinamanga kwathu, m'mudzi wa amayi anga kuseri kwa Golomoti. Khasu sanalizolowere. Kumunda kwanga kwa mpunga ku Bwanje ankangobwera nthawi yokolola, atavala nsapato zopolisha, kudzanyamula matumba. Abale anga akanatha kuwanyoza, koma ungamunyoze bwanji munthu amene amakukweza ulere popita kumaliro, kukuthamangitsira wodwala kuchipatala, ndi kukubweretsera mbatata ya kachewere ya kumtunda? Amalume anga, amene pa mowa amakonda kunena kuti mkamwini asamakule mwendo, ndiwo anali oyamba kukhala mpando wakutsogolo. Ulemu wonse wa amuna anga m'mudzimo unali pa chiwongolero. Atadwala anangokhala pakhonde, ali duu, kuyang'ana nkhuku. Nanenso sindinganame, ndinkafuna abwerere pamsewu. Pakhomo panali patauma, ana ankapita kusukulu m'mimba mulibe kanthu, ndipo sopo ndinkachita kudula ndi mpeni.

Amuna anga ali ndi mng'ono wawo, alamu anga, amene anakhalako ku Joni zaka zingapo. Anzawo pobwerera amabwera ndi malata ndi njinga zamoto. Iwo anabwera ndi kompyuta, chiwongolero chomangirira patebulo, mapedulo opondera pansi, ndi gemu ya mpikisano wa magalimoto. Anachita lendi kachipinda pamsika wa Golomoti n'kuikamo mpando wa galimoto yakufa, ndipo anyamata a kabaza ankathera masana momwemo. Poyamba anaika masikirini atatu aang'ono, ina kutsogolo, ina kumanja, ina kumanzere, atapindikira mkati kuti amuzungulire woyendetsa. Pambuyo pake anawachotsa n'kugula sikirini imodzi yaikulu ngati chitseko chogoneka.

Nkhani ya masikirini imeneyi ndinaimva mpaka makutu kuwawa, chifukwa Lamlungu lililonse alamu ankadzadya kwathu n'kumadzitsutsa okha. Atatu aja, ankatero, amadya batire magetsi akazima, mawaya ake ndi chipwirikiti, pakati pake pamakhala mizere yakuda yodula chithunzi, ndipo munthu woima kumbuyo saona bwino. Yaikuluyo imaonekera panja, wodutsa amaima, akaima amalowa. Akatha kuiyamikira choncho ankausa moyo n'kunena kuti komabe kuyendetsa kwenikweni kuli pa atatu aja. Ine ndinkawaseka. "Alamu, munthu wandevu kulira masikirini ngati mkazi wakuthawani. Mapanga awiri avumbwitsa, sankhani chimodzi mudye, ndiwo zikuzizira." Masikiriniwo anali m'katoni kunsi kwa bedi lawo, ndipo ine ndinalibe nawo ntchito.

Alamu omwewo ndiwo anabwera kudzawatenga achimwene awo pakhonde, ati akawongoleko miyendo. Anachita ndi mtima wabwino. Anawakhazika pa mpando wa galimoto yakufa uja, kutsogolo kwa sikirini yaikulu, ndipo munthu amene wayendetsa minibasi kuyambira unyamata wake sanachedwe kuzolowera. Posakhalitsa anali akugonjetsa anyamata onse a pamsika. Ndinapita kukaona ndekha tsiku lina pochokera kogula mchere. Ndinawapeza chigongono chili m'mwamba ngati chili pawindo, dzanja likufunafuna hutala pamene palibe hutala, akuseka mano onse pamtunda. Chidwalire ndinali ndisanawaone akuseka. Anyamata ankakuwa kuti, "Adala awa ndi dolo!" Ndinaima pakhomo ndi mchere wanga, ndikusangalala ndi kuopa nthawi imodzi.

Mbiri inawanda kuti adalaivala achira. Inawapeza abwana awo, eni minibasi, munthu wofatsa amene ankawakonda amuna anga, komanso anali atatopa ndi mnyamata wogwirizira amene ankawathera matayala. Abwanawo anabwera kudzaonera, anaima kumbuyo manja ali m'thumba, ndipo mpikisano utatha anati, "Ine ndaona ndekha. Lolemba mubwere mudzatenge makiyi." Amuna anga anafika kunyumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi, n'kundiuza kuti ndiwachapire shati yoyera.

Amene anayendapo pamsewu wathu akudziwa kuti moyo wonse uli kumanzere kwa dalaivala. Ndi kumene kumayenda amayi osenza madengu a tomato, ana ochokera kusukulu atagwirana manja, njinga zonyamula makala zotambalala kuposa ng'ombe, mbuzi, ngolo, agogo opita kusikelo ndi zidzukulu. Ana athu omwe amayenda mbali imeneyo. Madzulo amenewo ndinagwada, ine amene sindigwada wamba, ndinawauza za mbale, za chitseko, za anapiye, za mawu a adokotala.

"Ndiye mukufuna chiyani? Ndizikhala pakhonde mpaka ndimere mizu?" anatero. "Anthu onse aona kuti ndachira, kupatula mkazi wanga."

Ndinapita kwa ankhoswe, amalume anga aja. Anandimvetsera akusenda chinangwa, kenako anaseka. "Mwana wanga, ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Magalimoto onse anawasiya kumbuyo. Munthu wosaona angachite zimenezo? Thokoza Mulungu. Kapena wazolowera kukhala nawo pakhomo, nsanje yakugwira?" Ndinachoka osatsanzika, apo ayi ndikanawayankha mawu oti tikanakathera pabwalo.

Ndinaganiza zopita kwa abwana awo mobisa, koma kumeneko kukanakhala kuwayenda pansi amuna anga. Banja likanatha tsiku lomwelo, ndipo iwo akanangopita kwa mwini minibasi wina, kapena kuyamba kabaza wa njinga yamoto, amene ndi woopsa koposa. Ndinalowa m'tchalitchi masana mulibe munthu, n'kupemphera pemphero loti sindingalinene pamaso pa anzanga a kwaya. Ndinapempha kuti injini ya minibasiyo ife. Ndinali nditasowa mtengo wogwira.

Koma funso la amalume linandikhala pamtima, chifukwa linali ndi nzeru. Munthu wolephera kupeza usipa m'mbale angapambane bwanji mpikisano wa magalimoto? Ndinalawirira kwa alamu, ndipo ndinawapeza akusesa m'kachipinda kawo anyamata asanabwere.

"Alamu, nkhani yanu ya masikirini ija, lero ndikufuna ndiimve bwino. Yaikuluyi imasiyana pati ndi atatu aja?"

Anandiyang'ana ngati ndadwala mutu, koma pa nkhani imeneyi sankafunika kuwakakamiza. Anatsamira tsache.

"Yaikuluyi, alamu, ili ngati mukuyang'ana pa galasi lakutsogolo lokha. Kukula ndi yaikulu, koma mawindo a m'mbali mulibe. Khalani pansi muone nokha."

Ndinakhala pa mpandowo, chitenje chikukola mapedulo. Anayatsa gemu n'kundiuza kuti ndingoponda pang'ono. Galimoto ina inandipeza kuchokera kumbuyo, ndinaimva kulira kwake, koma pachithunzi panalibe. Panangotuluka kamuvi kakang'ono pansi, pakatikati. Kenako mphuno ya galimotoyo inatulukira m'mphepete mwa sikirini itandipitirira kale.

"Mwaona? Ikakhala pambali panu simuiona, kamuvi ako ndi kamene kamakuuzani. Pomwe pa atatu aja, ya kumanja ndi windo la kumanja, ya kumanzere ndi windo la kumanzere. Mnzanu akafika mumamuona ndi m'mphepete mwa diso, kamuvi ndimakazimitsa."

"Ndiye pa yaikuluyi za m'mbali saziona aliyense? Wamaso abwino ndi wodwala n'chimodzimodzi?"

Anagwedeza mutu kuvomera. "Komanso mpando uli patali," anatero motsitsa mawu. "Chithunzi chonse chimakwana kutsogolo kwa munthu. Achimwene amangopendeketsa mutu pang'ono."

"Munaona kuti amapendeketsa mutu?"

"Ndinaona. Tsiku lina ndinawaikira botolo la madzi kumanzere kwa chiwongolero, anadandaula ludzu mpaka kutuluka."

Ndinafuna kuwamenya ndi tsache lawo lomwelo. "Ndiye munakhala chete abwana akunena za makiyi?"

"Alamu, amene aja anandilera. Ulendo wa ku Joni anandikweza ndi iwo. Ndiyambire pati kuwauza kuti ndinu akhungu?"

"Katulutseni masikirini aja kunsi kwa bedi."

"Mukufuna ndiwavule pagulu?"

"Pagulu ayi, titseka chitseko. Koma mukakana, dziwani kuti Lolemba akagunda mwana wa munthu, inu ndi ine tikagona pasiwa tikudziwa chimene chamupha. Mudzatha kuimba nawo nyimbo?"

Anakhala pansi atagwira mutu. Kenako anati tiyese Loweruka m'mawa.

Lachisanu madzulo ananditumira uthenga kuti zavuta. Makoswe anali atadya waya wa sikirini imodzi, ndipo ndi awiri okha gemu sinkakhala bwino. Ndinasiya mphika pamoto n'kuthamangira kumsika. Tinazungulira pamodzi kwa ometa tsitsi, kwa okonza mafoni, kwa oonetsa mpira, ine ndikupempha waya amene dzina lake sindinkalidziwa, ndikungoonetsa chidutswa chodyedwacho. Ena ankaseka kuti amayiwa nawonso ayamba magemu. Ndinawalola aseke. Waya tinamupeza kwa bambo wina wokonza mawailesi, ndipo sikirini ija itayaka ndinatsala pang'ono kulira.

Kuwanyengerera amuna anga sikunavute. Alamu anangowauza kuti sikirini yaikulu ndi ya ana, madalaivala enieni ku Joni amapikisana pa atatu, ndipo munthu wanga anavala nsapato nthawi yomweyo. Ine ndinasenza dengu la chimanga n'kunena kuti tiyendera limodzi, ndikupita kuchigayo, ndingosuzumirako pang'ono.

Tinapeza yaikulu ija itatsamira khoma, patebulo pali atatu, oyandikana ndi chiwongolero kwambiri moti munthu akakhala pansi amakhala ngati walowa m'bokosi. Amuna anga anakhala, anagwira chiwongolero, anayang'ana kumanja. "Eyaa! Iyi ndiye galimoto tsopano. Taona, galasi langa lam'mbali ili. Iwe, unkabisiranji zinthu zabwino chonchi?" Kukondwa kwawoko kunandilasa mtima. Dengu ndinali nditalisiya panja kwa mayi wogulitsa mandasi. M'kachipindamo munali mothina. Alamu anatseka chitseko n'kuima kumanja pafupi ndi kompyuta, ndipo malo otsala anali amodzi okha, pakhoma, pothera sikirini ya kumanzere. Ndinadutsa kumbuyo kwa mpando n'kuima pamenepo, osaganiza zambiri.

Mpikisano unayamba. Galimoto yofiira inabwera kumanja kufuna kuwapitirira, iwo anaiona isanafike, anaitsekera njira akuseka. "Pita ukauze amako!" Mtima unayamba kundinyengerera kuti mwina ndikulakwitsa, mwina achiradi, ndipo ndinkafunitsitsa kuti ndikhale wolakwitsa. Kenako yachikasu inatulukira kumanzere. Inadzaza sikirini yonse ya pafupi ndi ine, moti ndinkaona chisoti cha woyendetsa wake. Kutsogolo kunali kona yokhotera kumanzere. Amuna anga anakhota bwinobwino, mosakayika, ngati msewu ndi wawo okha, ndipo analowa m'nthiti mwa galimoto ija. Chiwongolero chinanjenjemera m'manja mwawo, chithunzi chinazungulira.

"Chandigunda n'chiyani?"

"Galimoto inali kumanzere kwanu, achimwene."

"Bodza. Kunalibe kanthu. Makina akowa akhalitsa kunsi kwa bedi. Yambitsanso."

Alamu anayambitsanso. Zinachitikanso pa kona ina, ndi galimoto ina. Anayambitsanso. Ulendo uno amuna anga anayesa kuponya maso pa sikirini ya kumanzere pafupipafupi, koma akayang'ana uko msewu wakutsogolo unkawathawa, akabwerera kutsogolo galimoto ya kumanzere inkangotulukira. Thukuta linanyowetsa malaya, kunja dzuwa la Golomoti litayamba kuwotcha malata. Alamu ankandiyang'ana ndi maso opempha kuti tisiye. Ndinapukusa mutu kukana, ngakhale ndinkamva ngati ndikumiza munthu wanga m'madzi ndi manja angawa.

Atagunda komaliza anachotsa phazi pa pedulo, galimoto yawo inakaima mu udzu, ena onse n'kudutsa. M'chipindamo munangotsala kulira kwa injini ya mu gemu. Anayang'ana kumanja, kwa mng'ono wawo, kenako kuchitseko.

"Alamu ako apita kuchigayo?"

Alamu anandiyang'ana, kukamwa kuli yasa, mawu osatuluka. Amuna anga anatenga kukhala chete kumeneko ngati eya.

"Bola apita," anatero. "Zimitsa phokosoli." Alamu anazimitsa. "Iwe, usaganize kuti ndine chitsiru. Ndikudziwa. Ndinadziwa kalekale, tsiku limene njinga inangotulukira kutsogolo kwanga pamsika ngati yagwa kumwamba. Ndimati kondakitala azikhala diso langa, azikuwa akaona chinthu. Koma waona wekha, pa kona palibe nthawi yoti munthu akuwe."

"Ndiye musapite Lolemba, achimwene."

"Ndisapite ndikhale ndani? M'mudzi muja ndine mlendo. Khasu sindilitha. Amene ankandigwadira pofuna lifiti, mawa adzayamba kundiyang'ana m'kamwa ndikamadya. Mkazi uja ndi wabwino, koma ndi munthu, adzatopa. Tsiku lina ndidzapeza chikwama changa chili panja, ndibwerere ku Mtakataka wakhungu, chimanjamanja, ana atatsala kwa eni ake. Bola ndifere pa chiwongolero." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Usakamuuze zimenezi."

Ndinali pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanagwira khutu lawo. Misozi inkatsikira m'khosi, koma pamodzi ndi chisoni unabweranso ukali. Afere pa chiwongolero, nanga pa chiwongolero munthu amafa yekha?

"Ndili pano, abambo."

Anadzidzimuka mpando mpaka kulira. Anayamba kutembenuza mutu pang'onopang'ono, kudutsa mzere wakuda, kudutsa sikirini yonse ya kumanzere, mpaka maso awo anandipeza. Nkhope imene ndinaona pamenepo sindifuna kudzaionanso.

"Mwabwera liti?"

"Sindinachoke. Ndaima pano chiyambire."

Alamu anatuluka n'kutitsekera chitseko. Amuna anga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kutsogolo, ndipo ndinadziwa kuti kwa iwo ndasowanso. Anatembenukanso, ndinapezeka. Atatero anaweramira pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka.

Mawu okoma ndinalibe, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinalankhula bwino. Ndinazungulira n'kugwada kumanja kwawo kuti andione.

"Chikwama chanu adzatulutsa ndani? Malata a nyumba ija munakhoma ndinu. Wofuna kukuthamangitsani ayambe wathamangitsa ine. Tidzadya mpunga wopanda ndiwo, tidzadya gaga, sindikudziwa, ndipo ndikuopa monga mmene mukuopera inu. Koma mukatenga makiyi aja Lolemba, ine ndikagona pa tala, kumanzere kwanu. Muyambe ndi ine, musayambe ndi mwana wa eni."

Tsiku lonselo sanalankhule, Lamlungu kutchalitchi sanapite, chakudya anangolawa. Shati yoyera ndinali nditaichapa kale, ndipo ndinaona kuti aipachika pamsomali pafupi ndi chitseko. Ndinkaiyang'ana polowa, ndinkaiyang'ana potuluka. Zoibisa ndinaganiza, zoiwotcha ndi simbi ndinaganiza, koma ndinadziwa kuti akafuna kupita apita ngakhale ndi malaya ogonera.

Lolemba anadzuka m'bandakucha, anasamba, anavala shatiyo n'kutuluka osanditsanzika. Ndinamanga chitenje n'kuwatsata kumbuyo wopanda nsapato. Zimene ndinanena zija ndinali wokonzeka kuchita, ngakhale sindinkadziwa ngati miyendo indilola. Pa siteji minibasi inali itaima, oitanira akukuwa kuti Salima, Salima, abwana ali pambali pake. Abwanawo atawaona amuna anga anamwetulira n'kutulutsa makiyi m'thumba. Anyamata a pa siteji anayamba kuimba malikhweru.

Amuna anga anaima, manja ali kumbuyo. Anawayang'ana makiyiwo nthawi yaitali, ndipo ine ndinali nditafika kale m'mphepete mwa tala.

"Bwana," anatero mokweza kuti onse amve, "maso anga anafa mbali imodzi. Za kumanzere sindiona. Mupatseni mnyamata yemwe uja."

Malikhweru anatha. Abwana anati, "Pepani, sindimadziwa," n'kuwagwira dzanja, kenako anaitana mnyamata uja. Palibe anaseka, ndipo posakhalitsa aliyense anabwerera ku ntchito yake, poti apaulendo anali akudandaula kuti nthawi yatha. Ndinapita kukaima pafupi nawo. Sindinkadziwa kuti madzulo ndiphika chiyani, kapena kuti munthu ameneyu adzachita chiyani ndi masiku ake onse otsala.

Minibasi inadzaza, kondakitala anamenya chitseko, ndipo inanyamuka n'kudutsa kutsogolo kwathu kulowera kumanzere. Amuna anga sanatembenuze mutu.

"Yapita?" anafunsa.

"Yapita," ndinatero, ngakhale ine ndinkaionabe ikulowera cha ku Mua.